Gulugufe wa ku Vumba ndi Chikumbu cha mu Khofi

Mapiri a Vumba, amene amayang'anitsa mzinda wa Mutare kuchokera kummwera chakuvuma, ali ndi nkhalango za nkhungu zomwe zinkakoka azungu osonkhanitsa agulugufe m'masiku omwe mzindawu unkatchedwa Umtali. M'chaka cha 1926, katswiri wa ku England, George Bethune-Baker, anapatsa gulugufe wina wa m'nkhalangozi dzina loti Cymothoe vumbui, ndipo dzina la phirilo linaloŵa m'mabuku a sayansi atalinyamula mapiko ake. Moyo wa gulugufeyu ndi wa poyera. Amauluka m'mphepete mwa mitengo dzuŵa likaŵala, ndipo womufuna amangofunika ukonde ndi kudekha mtima.

M'mapiri omwewo muli chikumbu cha nyanga zazitali, Monochamus leuconotus, chomwe palibe amene anachiyamikira. Nachonso ndi mbadwa ya Afrika, koma khofi wa arabika atabzalidwa ku Vumba ndi ku Chipinge chinapeza chakudya chambiri chitandandalika m'mizere. Mayi wake amaikira mazira pa khungwa mvula ikayamba. Mphutsi imadya mozungulira pansi pa khungwalo, kenaka n'kuboola thunthu, ndipo imatha kukhalamo pafupifupi zaka ziŵiri. Mlimi amazindikira mochedwa, akaona utuchi pa tsinde ndi masamba achikasu, pamene mtengo wafooka kale.

Aŵiriŵa anasiyana kwambiri pa zimene anachita kwa anthu. Gulugufe sanalande munthu chakudya. Anangodzaza mabokosi a galasi m'nyumba zosungira zakale. Chikumbu chinasintha ntchito ya m'minda. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 antchito ankapaka mathunthu a khofi mankhwala a dieldrin, ndipo mankhwalawa ataletsedwa chifukwa cha poizoni wake wosatha msanga m'nthaka, chikumbucho chinabwereranso ndi mphamvu. Alimi aang'ono a khofi ku Misuku, kumpoto kwa Malaŵi, anakumana ndi vuto lomwelo: ena anazula mitengo yakale n'kuiotcha, ena anayamba kukwecha makungwa kuti mazira asapeze pobisala.

Mlendo wopita ku Vumba lero amauzidwa za agulugufe ndi mbalame za m'nkhalango. Za chikumbu amazimva kwa mlimi yekha, yemwe amagwada pa tsinde ndi kawaya m'manja, kufunafuna mphutsi m'dzenje lake.