Bulawayo: zoyenera kuchita m'maofesi pakabwera chiopsezo cha bomba

BULAWAYO, Zimbabwe. Mzinda wa Bulawayo unaonapo mabomba akuphulika kangapo. Pa 11 Januwale 1988 galimoto yotcheredwa bomba inaphulika pa nyumba ina ku Trenance, momwe munkakhala mamembala a chipani cha ANC cha ku South Africa, ndipo dalaivala wake anafera pomwepo. Kevin Woods, Michael Smith ndi Philip Conjwayo, omwe ankagwirira ntchito boma la tsankho la South Africa, anapezeka olakwa pa mlanduwu ndipo anatuluka m'ndende mu 2006. Mu Febuluwale 2002 anthu ena anaponya mabomba a petulo pa ofesi ya nyuzipepala ya Daily News mumzindawu. Pa 23 Juni 2018 bomba linaphulika pa bwalo la White City pomwe Pulezidenti Emmerson Mnangagwa ankatsika pa nsanja atatha kuyankhula pa msonkhano wa ZANU-PF. Iye anapulumuka, koma anthu oposa 40 anavulala, kuphatikizapo wachiwiri wake, Kembo Mohadi, ndipo awiri anamwalira pambuyo pake.

Nkhani ino ikukhudza zomwe zimachitika kawirikawiri kuposa izi: foni yolira pa desiki ya mlembi, munthu n'kunena kuti m'nyumbamo muli bomba. Ziopsezo zambiri zotere zimakhala zabodza, zochokera kwa munthu wokwiya kapena wofuna kusokoneza ntchito. Komabe wolandira foni alibe njira yodziwira zimenezi, ndipo chilichonse chimayenera kutengedwa ngati choona mpaka apolisi atanena mawu awo.

Wolandira foni

Munthu woyamba kumva chiopsezo nthawi zambiri sakhala bwana. Amakhala mlembi, mlonda kapena wolandira alendo, ndipo ndi iye yekha amene amamva mawu a woopsezayo. Asadule foni. Ayesetse kuti woimbayo apitirize kuyankhula, uku akulemba mawu ake ndendende monga akuwanenera, osati mwachidule. Afunse kuti bombalo lili pati, liphulika nthawi yanji, likuoneka bwanji ndiponso chifukwa chomwe laikidwira. Alembe nthawi yomwe foni yalira komanso nambala ngati yaoneka. Atchere khutu ku zina: ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ngati akuyankhula Chindebele, Chishona kapena Chingerezi, ngati akuwerenga zolembedwa kale, ngati kumbuyo kukumveka magalimoto, nyimbo kapena makina. Woimba amene akutchula bwino zipinda ndi makonde a nyumbayo ayenera kuopedwa kwambiri kuposa wongonena kuti bomba liphulika.

Foni ili mkati, wolandirayo akodole mnzake kapena amulembere kapepala kuti aimbire apolisi a Zimbabwe Republic Police pa foni ina. Chiopsezo chikabwera pa kalata, pepalalo ndi envulopu yake zisagwiridwegwiridwe, chifukwa zidindo za zala ndi umboni. Chikabwera pa uthenga wa pa foni kapena imelo, chisafufutidwe ndipo chisayankhidwe.

Nyumba imodzi, mabwana ambiri

Vuto lalikulu la nyumba zosanja n'lakuti ochita lendi amakhala ambiri ndipo aliyense ali ndi bwana wake. Pakati pa mzinda wa Bulawayo nyumba zambiri zakale zinagawidwa m'timaofesi ndi timashopu ting'onoting'ono, moti loya, wosoka zovala ndi wokonza mafoni amatha kukhala pa khonde limodzi osadziwana mayina. Woimba foni amaopseza ofesi imodzi, koma bomba likaphulika silisankha chipinda. Choncho ofesi yomwe yalandira chiopsezo ikangodziwitsa apolisi, idziwitsenso woyang'anira nyumbayo, ndipo iye ndiye afikitse uthenga ku nsanjika zonse. Zimenezi zimatheka pokhapokha ochita lendi atagwirizana kale za munthu wolamula kuti anthu atuluke, womuimira akachokapo, ndi munthu mmodzi pa nsanjika iliyonse wowerenga anzake.

Belu la moto lisaimbidwe mwachisawawa. Limatulutsa anthu onse nthawi imodzi kudzera m'njira zonse, kuphatikizapo yomwe ingakhale ndi bombalo.

Kuyang'ana popanda kukhudza

Wapolisi wobwera kuchokera kunja sangadziwe kuti katoni yomwe ili pansi pa tebulo yakhala pomwepo chaka chathunthu. Odziwa ndi eni ofesi, makamaka osesa ndi alonda, omwe kawirikawiri saitanidwa ku misonkhano ya zachitetezo ngakhale ndi iwo amene amaidziwa nyumbayo ngodya ndi ngodya. Aliyense ayang'ane ndi maso okha malo omwe amagwirira ntchito, ndipo osankhidwa ayang'ane masitepe, zimbudzi, mabini ndi polandirira alendo, malo omwe mlendo angafikepo mosavuta. Chokayikitsa ndi chinthu chobisidwa dala, chooneka mawaya, mabatire kapena fungo lachilendo, kapena chomwe sichipezeka pamalopo masiku onse.

Chikapezeka, chisakhudzidwe, chisasunthidwe, chisaphimbidwe ndipo chisathiridwe madzi. Anthu achoke, ndipo mafoni a m'manja ndi mawailesi a alonda asagwiritsidwe ntchito pafupi nacho. Malangizo a apolisi a ku Britain amati pasachepere mamita 15. Ntchito yochotsa bomba ndi ya akatswiri a asilikali ndi apolisi basi.

Magalasi ndi malo osonkhanira

Zomwe zinachitika ku Nairobi pa 7 Ogasiti 1998 ziyenera kudziwika kwa aliyense wogwira ntchito m'nyumba yosanja. Zigawenga zisanaphulitse bomba lalikulu la m'lole pa ofesi ya kazembe wa America, panamveka kulira kwa mfuti ndi kuphulika kwakung'ono. Anthu a m'maofesi oyandikana nawo anathamangira ku mazenera kukaona chomwe chikuchitika, ndipo bomba lalikulu litaphulika magalasi anawatema kumaso, ena n'kuchita khungu. Anthu 213 anafa ndipo pafupifupi 4,000 anavulala. Nyumba ya Ufundi, momwe munali maofesi wamba ndi sukulu ya alembi, inagweratu ngakhale zigawengazo sizinkafuna iyo. Munthu akamva kuphulika panja, achoke pa zenera.

Patangopita masiku 8, m'tauni ya Omagh ku Northern Ireland munaphulika bomba lina lomwe linapereka phunziro losiyana. Kumeneko chenjezo linaperekedwa pa foni, koma linatchula malo olakwika. Apolisi anachotsa anthu kufupi ndi khoti n'kuwatsogolera kumunsi kwa msewu, komwe kunali galimoto ya bombayo, ndipo anthu 29 anafa. Mosiyana ndi izi, ku Manchester pa 15 Juni 1996 chenjezo linafika kutatsala pafupifupi ola ndi theka, anthu okwana 75,000 anachotsedwa pakati pa mzinda, ndipo palibe anafa ngakhale oposa 200 anavulala, ambiri ndi magalasi.

Izi zikutanthauza kuti kuthamangira panja si yankho nthawi zonse. Ngati chokayikitsacho chili mkati mwa nyumba, anthu atuluke kudzera njira yotalikirana nacho. Ngati ndi galimoto yoimikidwa pakhomo, kutulukira khomo lomwelo n'kudzipereka ku ngozi, ndipo apolisi angathe kulangiza kuti anthu atulukire kumbuyo kapena akhale m'kati, pa khonde lopanda mazenera lotetezedwa ndi makoma olimba. Malangizo a ku Britain omwe aja amati anthu atalikire mamita 100 kuchokera pa chikwama chaching'ono, 200 kuchokera pa sutikesi kapena galimoto yaing'ono, ndi 400 kuchokera pa lole.

Misewu ya Bulawayo ndi yotakasuka, popeza inakonzedwa kuti ngolo za ng'ombe zizitha kutembenukamo, koma kuima tsidya lina la Leopold Takawira Avenue kapena Jason Moyo Street si kutalikira kokwanira. Malo osonkhanira akhale kuseri kwa nyumba zina, kutali ndi koimika magalimoto, ndipo pakhale ena achiwiri.

Potuluka anthu agwiritse ntchito masitepe, osati chikepe, chomwe chimatha kuima magetsi akazima. Aliyense atenge chikwama chake ngati chili pafupi, chifukwa chikwama chosiyidwa chimasanduka chokayikitsa n'kuchedwetsa ofufuza. Olumala, okalamba ndi amayi oyembekezera akhale ndi owathandiza odziwika kale. Zitseko zotulukira pangozi, zomwe m'nyumba zambiri zimakhomedwa ndi maloko poopa akuba, zizitsegulidwa nthawi yonse ya ntchito, ndipo kiyi asakhale m'thumba mwa mlonda mmodzi. Akafika pa malo osonkhanira, owerenga anthu apereke kwa apolisi mayina a omwe sakuoneka. Munthu asabwerere kukatenga galimoto kapena kukatseka ofesi mpaka apolisi atalola.