Nkhuku Zotuwa za ku Andalusia ndi Nkhani ya Kutengera

Mwambi uja wakuti "make mbuu, mwana mbuu" ukanakhala woona nthawi zonse, oweta nkhuku a ku Mangalande sakanavutika zaka zambirimbiri ndi nkhuku yotchedwa Andalusian. Nkhukuyi, imene dzina lake linachokera ku chigawo cha kumwera kwa Spain, inkatchuka pa zionetsero chifukwa cha nthenga zake zotuwa ngati phulusa, zimene eniakewo ankati nzabuluu. Vuto linali lakuti tambala wotuwa akakwera thadzi lotuwa, pafupifupi theka lokha la anapiye ndilo linkatengera makolo. Otsalawo ena ankakhala akuda bii, ena oyera amathothomathotho. Oweta ankawapatula amenewa ngati achabechabe nkumasunga otuwa okhaokha, poyembekeza kuti tsiku lina magazi a mtunduwo adzasefeka. Mibadwo ya nkhuku inapita, koma akuda ndi oyera aja ankaswedwabe.

Ine ndimaona kuti chimene chinkawasocheretsa kwambiri ndi mawu. Monga momwe ifenso timanenera kuti khalidwe lili m'magazi, iwo ankakhulupirira kuti za bambo ndi za mayi zimasakanikirana mwa mwana ngati mkaka m'madzi, osalekanikanso. Munthu woganiza chotero akaona mwanapiye wakuda pakati pa otuwa, sangalephere kunena kuti m'mtunduwo mwatsala litsiro.

Gregor Mendel, mmonke wa ku Brno, anali atatsutsa kale maganizowa mu 1866 poyesa nsawawa, koma zolemba zake zinagona mpaka 1900. Mmodzi mwa amene anazigwira ndi manja awiri anali William Bateson wa ku Cambridge, yemwe anayamba kukweranitsa nkhuku mu 1898. Mu 1902, m'lipoti limene analemba ndi Edith Rebecca Saunders, anaonetsa kuti malamulo a nsawawa aja amagwiranso ntchito pa nkhuku. Posakhalitsa Reginald Punnett anadzamuthandiza pa ntchitoyi.

Pa Andalusian anachita chimene woweta wodzilemekeza sakanachita: anakweranitsa zokanidwa zija, yakuda ndi yoyera. Anapiye onse anatuluka otuwa. Apa mpamene zinaoneka kuti nkhuku yotuwa imanyamula tinthu tiwiri tosiyana, timene lero timati majini, kena kochokera kwa tambala, kena kwa thadzi. Kamodzi kamasungunula kuda kwa nthenga, kenako kamakusiya momwe kulili. Tinthuti timakhalira limodzi popanda kusakanikirana, ndipo kholo limapatsira mwana kamodzi kokha. Mwanapiye akalandira tosungunula tiwiri amayera. Akapanda kulandira nkamodzi komwe amada. Akalandira kamodzi amatuwa. Nchifukwa chake mwa anapiye anayi alionse a makolo otuwa, kawirikawiri mmodzi amada, awiri amatuwa, mmodzi amayera. Choncho nkhuku imene inkalandira mphoto monga yeniyeni ndiyo inali ya makolo osiyana, pamene zokanidwazo ndizo zinkabereka zofanana nazo.

Sayansi yatsopanoyi inalibe ngakhale dzina. Bateson ndiye anaitcha genetics mu 1905, pobwereka tsinde la Chigiriki lonena za kubala, ndipo chaka chomwecho Punnett anasindikiza kabuku kake kotchedwa Mendelism. Koma dzina lakuti Blue Andalusian silinasinthe, ngakhale kuti njira yotsimikizika yopezera anapiye otuwa okhaokha ndiyo kusunga tambala wakuda ndi thadzi loyera, nkhuku zimene kale zinkathera mumphika.