ALENJE AKALE A KU CHONGONI ANKALASA PATI?

Abale anga akumudzi kuno ndi inu a m'tauni, lero tikambe za ulenje. Achinyamata amandiwonetsa pa foni alenje a ku America akuwombera elk, nyama yamanyanga yoposa ngoma kukula, ili tsidya la chigwa, mtunda wa mabwalo a mpira anayi kapena asanu. Mfuti yake ili ndi galasi loyandikitsa. Ine ndimati makolo athu akanangopukusa mutu.

Kuno ulenje ndi wakale zedi. Akafula, amene anasiya zojambula zofiira m'mapanga a Chongoni, malo omwe UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006, ankadalira uta ndi muvi. Pa Chencherere akatswiri anafukula zida zawo zamiyala ndi mafupa a nyama. Muvi sufika patali, ndiye luso lonse linali kuyandikira. Mlenje ankawaza phulusa kuti aone kolowera mphepo, n'kuzungulira mpaka fungo lake lizipita kumbuyo. Kenako kukwawa, mwina ola lathunthu.

Ena ankapaka ulembe kumuvi. Wotchuka ndi kombe, yemwe John Kirk, mnzake wa Livingstone, anampeza kuchigwa cha Shire, ndipo azungu anadzapangira mankhwala a mtima. Wa ulembe ankalasa ngakhale pantchafu n'kumatsata pang'onopang'ono.

Gogodera itabwera ndi amalonda a minyanga, nkhani inavuta. Uthire onga, usinje, uike chipolopolo, zonsezo kuwombera kamodzi kokha basi. Ukaphonya, mbawala siikudikira kuti uthirenso. Tsono akuluakulu ankaphunzitsa malo amodzi: kuseri kwa mwendo wakutsogolo, cha m'munsi pang'ono, pomwe pali mtima ndi mapapo. Nyama ikhale yaima chopingasa. Ikakuyang'ana maso ndi maso, fupa la phewa limatchinga. Ikakupatsa mbuyo, ileke. Kumutu ayi, mutu ndi waung'ono ndipo sukhazikika, ungangoiswa chibwano n'kukafa ndi njala patapita masiku.

Magazi nawo ankawawerenga. Ofiira kwambiri athovu, ndiye kuti mapapo, nyama igwa pafupi. Akuda osakanikirana ndi udzu wam'mimba, iii, pamenepo mlenje ankachita manyazi, chifukwa nyama yotere imathamanga mpaka kutsikira ku Mtakataka, okadya n'kukhala afisi. Ankayamba akhala pansi kaye osaithamangitsa, kuti igone pafupi.

Pa uzimba lamulo linali loti nyama ndi ya amene wayamba kulasa, wotsiriza ankapatsidwa mwendo. Lamuloli ndimaliona kuti linkaputa anyamata aphuma kuponya ali patali kuti angoti "ndine ndayamba", ndipo milandu yambiri pabwalo inkachokera pamenepo. Mlenje amene ankamutamanda pamowa ndi uja wotha kutsitsa mfuti n'kubwerera chimanjamanja.

Lero m'nkhalango za Chongoni ndi Dedza-Salima kusaka n'koletsedwa, ndipo lamulo la nyama zakutchire lomwe analikonzanso mu 2017 limafika zaka 30 kundende pa nyama zotetezedwa kwambiri. A m'tauni mukabwera pa Khirisimasi musandifunse nyama ya gwape, ndidzakupherani nkhuku.