Ilala: sitima ya ku Malawi, dzina la kwathu

Ife a ku Chinyunyu madzi amene timanyadila ni aja otentha otumphuka pansi, m'mbali mwa Great East Road. Sitima za pamadzi timazionela pa foni cabe, monga Icon of the Seas imene inayamba maulendo mu 2024, yotalika mamita 365, yokhala na maiwe osambilamo pamwamba pake. Sitima zotelo amazipangila anthu ofuna kupumula: zimazungulila panyanja na kukabweza anthu pa doko pamene zinawatenga.

Koma mukatsata mseu wathu uno kudutsa Chipata na Mwami mpaka ku nyanja ya Malawi, mudzapeza Ilala, sitima imene nkhani yake imatigwila mtima kuposa ija. Dzina lake ni la kuno ku Zambia. Ilala ni dziko la Alala, kwa Chitambo, kumene David Livingstone anafela mu 1873. Amishoni anapatsa dzinali kasitima kawo kanthunzi kamene kanafika panyanjayo mu 1875, anthu atanyamula zidutswa zake pamutu kulambalala mathithi a Shire.

Ilala ya lelo inabwela pambuyo pa malilo. Mu July 1946 sitima ya Vipya, ikali yatsopano, inagubuduzika na mphepo kumpoto kwa nyanja, ndipo anthu oposa 140 anafa. Ambili amati inali yolemela kwambili kumwamba. Mu 1949 kampani ya Yarrow ku Glasgow inapanga ina. Anaimasula, zidutswa zinabwela pamadzi mpaka Beira, kenako pa njanji, na kuzilumikizanso m'mbali mwa nyanja. Inayamba nchito mu 1951. Kutalika kwake ni mamita 52 cabe. Kuti zilingane na Icon ija mungafunike kundandalika zisanu na ziwili.

Mapangidwe ake amaonetsa nthawi imene inabadwila. Pamwamba pali tuzipinda togona na bala, kumene masiku ano alendo ocokela kunja amakhala na makamela awo. Pansi m'pamene pali anthu ambili, pamodzi na matumba a cimanga, usipa wouma, malata na nkhuku. Sitima imodzi, koma wina ali pa holide, wina akupeleka wodwala ku cipatala.

Madoko ambili pa ulendo wake wa mlungu na mlungu, kucokela ku Monkey Bay mpaka kumpoto, alibe poimika sitima. Imaima patali, ndiye maboti ake opulumutsila anthu pangozi ndiwo amatsitsidwa kukatula anthu na katundu kumtunda, nthawi zina usiku. 

Tsopano yapitilila zaka 70. Ikalowa m'shedi ku Monkey Bay kukakonzedwa, anthu a pa zisumbu za Likoma na Chizumulu nthawi zina amatsala na maboti ang'onoang'ono, ndipo mphepo ya mwela ikauka, ambili amangodikila pagombe na katundu wawo.