Tanthauzo la mawu akuti land trust

Land trust ndi mawu a Chingerezi otanthauza bungwe losafuna phindu lomwe ntchito yake ndi kuteteza malo. Ku America bungwe lotere limagula malo, kapena limapangana ndi mwini munda. Pa pangano lotere, banja la mwini munda limapitiriza kulima, kuweta ng'ombe ndi kusiyira ana mundawo, koma silingaudule mapuloti kapena kumangapo fakitale. Panganolo limamanga aliyense wodzagula malowo mtsogolo, ndipo bungwe limayendera munda kuti lione ngati likutsatidwa. Motero madambo, nkhalango ndi magombe a mitsinje zimasungika, mbalame ndi nyama zakutchire nkumapeza pokhala. Mwa mabungwe otere, The Trustees of Reservations idayamba mu 1891 ku Massachusetts, ndipo Marin Agricultural Land Trust, yoteteza minda ku California, idayamba mu 1980.