Chilankhulo cha Mfuti ku Malambo

Miyezi ya chilimwe, galimoto za alenje ochokera kunja zimadutsa mu Chipata kulowera ku Malambo, ku Mfuwe ndi m'misasa ya ku Lupande, dera lamalire ndi nkhalango ya South Luangwa kumene boma limalola kusaka kwa ziphaso. Mlendo akafika pamsasa sayamba ndi kulondola mapazi a njati. Mlenje wamkulu, amene onse amangomutchula kuti PH, amamutengera kaye pamalo oyera, nakhoma chandamale pamtunda wa mamita 100, kapena 50 ngati ndi mfuti yaikulu, n'kumuuza kuti aombe. Amati akuyesa "ziro". Kuyambira pamenepo mumamveka mawu monga kiliki, gireni, sofuti ndi solidi, amene olondola nyama ndi masikauti a m'midzi ya mafumu Kakumbi, Nsefu ndi Mnkhanya amawamva chaka ndi chaka. Ndikufuna kuti mawuwa amveke kwa aliyense, chifukwa njati yovulazidwa siyendera mlendo kwawo. Imatsala nafe, m'bango momwe amayi amatungamo madzi.

Ziro ndi pangano la pakati pa diso ndi mpope wa mfuti. Galasi lochalira, sikopu, limakhala pamwamba pa mpope, ndipo diso limaona mowongoka pamene chipolopolo chimayamba kugwa chikangotuluka. Njira ziwirizi zimakumana pamtunda umene mwini mfuti wasankha, ndipo mtundawo ndiye ziro. Mfuti ya .375 H&H, imene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912, ikaikidwa ziro pa mamita 100 ndi chipolopolo cholemera, pa mamita 200 chimagwera pansi ndi masentimita 15 kapena kuposerapo. Pa njati zimenezi zingakhululukidwe. Pa nswala, ndiye kuthyola mwendo m'malo molasa mtima.

Pasikopu pali timitu tiwiri topotokola, ka pamwamba kokweza ndi kutsitsa, ka pambali kosunthira kumanja ndi kumanzere. Kulira kulikonse kwa kamutuko ndi kiliki imodzi. Masikopu ambiri a ku America amawerenga mwa muyeso wa ngodya wotchedwa MOA, ndipo kiliki imodzi imasuntha chilaso ndi mamilimita pafupifupi 7 pa mamita 100. Ambiri a ku Ulaya amasuntha sentimita yathunthu. Apa ndi pamene anthu amatayira zipolopolo. Chilaso chikapatuka masentimita 7 pa mamita 100, makiliki 10 akwanira pasikopu ya MOA, koma kupatuka komweko pa mamita 50 kumafuna makiliki 20, chifukwa chimene chikusuntha ndi ngodya, osati mtunda. Winanso amaiwala kuti muvi wolembedwa pakamutu ukunena kumene chilaso chipite. Amapotokolera kumbuyo, vuto n'kukula kawiri, ndiye n'kuyamba kunyoza galasi.

Kawirikawiri galasi silikhala ndi mlandu. Mfuti yaikulu imakankha mwamphamvu, ndipo kukankhako, pamodzi ndi kugwedezeka m'misewu ya fumbi, kumamasula tizitsulo tomangira sikopu. Chizindikiro chake n'chakuti zilaso zimayendayenda ngakhale palibe amene wakhudza timitu. Munthu wodziwa amayamba wamanga masikuluwu, kenako aomba katatu osasintha kanthu, n'kuwerengera kuchokera pakati pa mabowo atatuwo. Wothamangitsa bowo limodzilimodzi adzapotokola mpaka dzuwa kulowa. Palinso paralakisi: ukasuntha mutu pang'ono, kamtanda ka m'galasi kamaoneka ngati kakuyenda pachandamale, chifukwa chithunzi ndi kamtandako sizili pamalo amodzi m'kati mwa sikopu. Pamtunda wa njati vutoli n'laling'ono. Chachikulu ndi mpata wa pakati pa diso ndi galasi, umene pa mfuti zokankha uyenera kukhala masentimita 9 kapena 10. Mlendo amene sikopu yamutema pachikope patsiku loyamba amayamba kutsinzina asanaombe, ndipo mantha amenewo palibe kiliki yowachiza.

Tsono tibwere ku chipolopolo. Pakamwa pa tonsefe, chipolopolo ndi chinthu chonse cholowa m'mfuti. Kwa amene amadzilongera yekha, ndi zinthu zinayi: khoko lamkuwa, kachitsulo koyatsa moto kumatako kwake kotchedwa pulaima, wonga, ndi mutu umene umauluka. Khoko limatsala, ndipo amalitola kuti alidzazenso. Wonga ndi mutu amaziyeza mwa magireni. Gireni imodzi ndi magalamu 0.065, kotero mutu wa magireni 300 wa .375 umalemera magalamu 19 ndi pang'ono, ndipo umatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 760 pa sekondi.

Kudzilongera si nzeru yachilendo m'chigwa cha Luangwa. Mfuti ya gogodela, imene inalowa kuno ndi malonda a minyanga m'nthawi ya Achikunda, inali kulongedwa kukamwa: wonga woyeza ndi maso, chotsekera, chitsulo chilichonse chimene mlenje wapeza, ndi ndodo yogogodera. Stuart Marks, amene anakhala pakati pa alenje Achibisa ku Munyamadzi, analemba za mfuti zimenezi m'buku lake la mu 1976. Alenjewo anali olimba mtima ndipo ankayandikira nyama kwambiri, koma chitsulo chodula pa mtanda wa njinga sichiyenda mofanana kawiri, ndipo nyama zambiri zinkathawa nacho m'thupi. Bungwe la COMACO, limene lili ndi fakitale yake mu Chipata, lakhala likulandira mfuti zoterezi ndi misampha ya waya kuchokera kwa anthu osiya kupha nyama mozemba. Chimene wodzilongera wa lero wawonjezera ndi sikelo ndi buku la malire a wonga, kuti chipolopolo chachiwiri chifanane ndi choyamba.

Mkangano weniweni uli pa sofuti ndi solidi. Sofuti ndi mutu umene umafutukuka ukalowa m'thupi, n'kuboola njira yaikulu. Solidi susintha maonekedwe. Ntchito yake n'kupita patsogolo, kudutsa chikopa, mnofu ndi fupa. Pa njovu palibe zokambirana, ndi solidi basi, pakuti ubongo uli kuseri kwa fupa lalikulu la chigaza. Mvuu ya pamtunda nayonso imafuna solidi. Pa nyalugwe, wachikopa chopyapyala, pamafunika sofuti wofulumira kufutukuka, apo ayi mutu umangodutsa osachita kanthu. Njati ndiyo imagawa alenje. Ambiri lero amaika sofuti wolimba poyamba ndi masolidi pambuyo pake, ndipo ine ndimaima nawo. Njati imayenda m'gulu, ndipo solidi wolasa m'mbali atha kutulukira kwina n'kukalowa m'mimba mwa yaikazi imene palibe anaiona. Koma ikatembenuka kuthawa, sofuti sangafike kumapapo kuchokera kumbuyo, ndiye solidi amapeza ntchito.

Sofuti wakale anali ndi chilema chophwanyika pafupa, mtovu wam'kati kupita kwina, chikuto chake kwina. John Nosler anaona zimenezi posaka ku Canada, ndipo mu 1948 anayamba kugulitsa mutu wa Partition, wokhala ndi khoma pakati kuti mbali yakumbuyo isamwazike. Pambuyo pake kunabwera mitu yomatidwa mtovu ndi chikuto, kenako mu 1989 Barnes X, wa mkuwa wokhawokha. Mkuwa ndi wopepuka poyerekeza ndi mtovu, choncho mutu wa kulemera kofanana umakhala wautali ndipo umalanda malo a wonga m'khoko. Munthu sangangochotsa mutu wamtovu, kuikapo wamkuwa, n'kusiya muyeso wa wonga uli womwewo. Ndipo phindu lalikulu la kudzilongera lili apa: kusintha pang'onopang'ono mpaka sofuti ndi solidi zilase malo amodzi pa ziro imodzi, chifukwa njati ikadzuka palibe nthawi yowerenga makiliki.

Mawu omaliza ofunika ndi presha, mphamvu ya mpweya wa wonga m'kati mwa mpope. Kutentha kumaikweza, ndipo mu Okutobala ku Malambo kumatentha kufika madigiri 40 ndi kupitirira. Chipolopolo cholongedwa mpaka m'malire kudziko lozizira chingakakamire m'mfuti chikagona padzuwa m'galimoto. Khoko limakana kutuluka ndipo chotsekera cha mfuti chimalimba, pa nthawi imene chachiwiri chikufunika msanga. Ndicho chifukwa .416 Rigby ya mu 1911 inapatsidwa khoko lalikulu, kuti presha ikhale yotsika m'maiko otentha. Nayo .458 Winchester Magnum ya mu 1956 inaipa mbiri m'zaka zake zoyamba chifukwa wonga wopanikizidwa m'khoko laling'ono unkagwirana, liwiro n'kutsika.

Kuchokera mu 2016, nyama za kuno zili m'manja mwa Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa bungwe la ZAWA, ndipo ulendo uliwonse wosaka umakhala ndi sikauti woyang'anira. Nyama yovulazidwa n'kutayika imawerengedwa pa chiphaso ngati yophedwa, ndipo mlendo amalipira. Ndalamayo sibweza mlimi amene wakumana ndi nyamayo m'munda. Choncho ndikufuna kuti sikauti ndi mamembala a mabodi oyang'anira zachilengedwe (CRB) m'madera a mafumu azidziwa kuwerenga mabowo a pachandamale, azifunsa kuti m'mfuti ya njati mwalowa mutu wanji, ndipo mlendo akalephera kulasa pepala katatu pa mamita 50, akhale ndi mphamvu yonena kuti galimoto isanyamuke kaye.