Mbuzi Imodzi, Mabwalo Atatu

Tiyerekeze kuti mnyamata waba mbuzi ku Cassacatiza, m'boma lathu lino la Chifunde, nakaigulitsa ku Chanida, tsidya la malire ku Zambia. Mbuzi ndi imodzi, wakuba ndi mmodzi, koma mabwalo amene angathe kuzenga mlanduwu ndi atatu, ndipo lirilonse lifunsa funso lakelake.

Loyamba ndi bwalo la makolo athu. Kalekale, Undi akali kulamulira dziko lino kucokera ku Mano, mlandu unali kukambidwa poyera, pansi pa mtengo, aliyense akumva. Funso la nyakwawa linali lakuti, “Walakwiridwa ndani, nanga timpepesa ndi ciani?” Ndende kunalibe. Wakuba sanali kuima yekha iai, atsibweni ake anali kuima naye, ndipo mbumba yonse inali kusonkha lipo. Akatha msinkhu asanalipire, ngongole inatsalira abale, paja mlandu suola. Tisabise kuti bwaloli linali ndi mdima wake: umboni ukasowa, anthu anamwetsedwa mwabvi, ndipo osalakwa ambiri anafa nawo.

Laciwiri linadza ndi Apwitikizi. Mizu yake iri ku Roma wakale, ndipo mwambo umenewu, umene utsatidwanso ku France, umaika malamulo onse m'buku limodzi, lamulo lirilonse ndi nambala yake. Funso la woweruza ndi lakuti, “Munthuyu waphwanya ndime iti?” Boma ndilo lifufuza, nililemba zonse m'mapepala mlandu usanalowe m'bwalo. Buku la zilango la Apwitikizi la caka ca 1886 linakhalitsa koposa eni ake: iwo anacoka mu 1975, koma bukulo linagwirabe nchito mpaka pamene malamulo atsopano a 2014 analowa m'malo mwake, ndipo awanso anasinthidwa mu 2019.

Komatu agogo athu bukulo sanaliwone kawirikawiri. Kufikira 1961 munthu wakuda anali pansi pa malamulo apadera a Indigenato. Mzungu wa paboma ndiye anali wapolisi, woweruza ndi wolanga yemwe, ndipo cilango cinali mbalamatodya m'manja kapena cibalo. Titalandira ufulu, mabwalo a anthu anakhazikitsidwa mu 1978, mafumu nakankhidwira pambali. Cikoti cinabwereranso mwa lamulo mu 1983, nicicotsedwa mu 1989.

Lacitatu ndi la Angelezi, limene abale athu a ku Katete ndi ku Mchinji alidziwa. Kumeneko woweruza akhala pakati ngati woimbira mpira, woimira boma ndi woimira wogwidwa natsutsana pamaso pake. Funso ndi lakuti, “Kodi boma latsimikiza mlandu popanda cikaiko?” Nawonso ali ndi buku la zilango, koma ciweruzo ca bwalo lalikulu pa mlandu wakale cimanga mabwalo ang'ono pa mlandu wofanana nawo. Ufumu wa Undi unali umodzi, koma malire a Apwitikizi ndi Angelezi a 1891 anagawa ana a mimba imodzi ku malamulo awiri.

Ngakhale pa cilango ca imfa njira zinasiyana. Mozambique anacithetsa m'malamulo aakulu a 1990, Zambia mu 2022. Ku Malawi kunyonga kunalekeka mu 1992, ngakhale cilangoco sicinafafanizidwe m'buku.

Nanga mbuzi ija? Lamulo la 1992 linakhazikitsa mabwalo a m'midzi, amene ayanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono. Angathe kulipiritsa kapena kupereka nchito yothandiza mudzi, koma mphamvu yotsekera munthu m'ndende alibe. Malamulo aakulu a 2004, pa ndime 4, abvomereza njira zosiyanasiyana zothetsera milandu, malinga zisatsutsane ndi malamulo aakuluwo. Tsono za mbuzi zingathe kuthera pamudzi, mwini wake nalandira yake. Koma mlandu wa magazi, kapena wogwirira mwana, suthera pa nkhuku ndi mbuzi, upita kuboma basi.

Cotsalira kwa ife ndi ici: mabwalo awiri mwa atatuwa alankhula ndi pepala. Mnyamata wathu akagwidwa kuno adzapatsidwa cikalata ca Cipwitikizi, akagwidwa ku Chanida ca Cingelezi. Wosadziwa kuwerenga adinda cala pa mau amene sanawanene. Ndico cifukwa cake tikuti, asanadinde, apemphe womasulira amuwerengere zonse m'Cinyanja, ndipo atsibweni amene kale anali kusonkha lipo, lero asonkhe za makope ndi mapensulo.